Mtsuko wopanda khosi wa a Nakwenda

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha amayi aakulu, a Nakwenda, ndipo ine ndinabwerako kumanda ndili ndi ukali m'malo mwa chisoni. Chilizacho ndi chokongola, zimenezo sindikana. Matailosi akuda, dzina lolembedwa bwino, vesi pansi pake. Koma pamwamba pa dzinalo achimwene a Yotamu, mwana wawo yekhayo, anauza amisiri kuti ajambulepo mtsuko. Mtsuko wa khosi lalitali, loima chilili. Nsalu itachotsedwa anthu anati eee, ena mpaka anaomba m'manja kuiwala kuti ali kumanda. Achimwene anaimirira ndi jekete lawo nauza khamu kuti mayi awo anali mmisiri wosowa, ndiponso kuti iwo monga mwana akuthokoza Mulungu poti anakwanitsa kuwapumitsa pa ukalamba wawo. Mawu akuti kupumitsawo anandilowa ngati munga. Ndinaluma mlomo, monga ndinaulumira tsiku lina m'galimoto, ndipo kuluma mlomo kumeneku ndatopa nako.

Ine ndine Elube, mwana wa mng'ono wawo wa malemuwo. Khomo langa limayang'anana ndi lawo m'mudzi mwathu, kumapiri kuseri kwa Kasakula, choncho zimene ndikulembazi sindinachite kumva kwa anthu. Ndinaziona, ndipo zina mwa izo ndinazilola kuti zichitike.

Amene akuwakumbukira a Nakwenda ngati nkhalamba yofatsa akunama. Anali aafupi, a mawu akuthwa, makutu ogontha pang'ono, moti ankayankhula mokuwa ngati wosamva ndiwe. Malo awo anali kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, pomwe panali mwala waukulu wosinjirapo dothi ndi kadzenje kokhazikapo phale loumbirapo. Dothi ankakatapa okha kumtapo, kudambo la kumunsi kwa mudzi. Sankalola wina kuwatapira, ati munthu wosaumba amasankha dothi ndi maso, pomwe dothi limafuna zala. Akabwera nalo ankaliviika, n'kulisinja ndi munsi, n'kumachotsamo timiyala kamodzikamodzi uku akudandaula za aliyense, kuyambira akulu a mpingo mpaka mbuzi za oyandikana nawo.

Poumba, dzanja lamanzere linkakhala kunja kuchirikiza, lamanja m'kati. Lamanjalo ndilo linali mwini ntchito. Linkakoka dothi kukwera nalo, mimba ya mtsuko n'kumakula. Pofika pamwamba linkapinda pamfundo, paja dzanja limalumikizana ndi mkono, n'kubweza dothi m'kati kuti phewa lipangike, kenako n'kutembenukanso kuti khosi liime. Ankati mimba angaumbe ngakhale mwana woseweretsa matope, koma mmisiri amadziwikira pakhosi. Akamaliza ankapala ndi chisononkho, n'kudzasalaza ndi nkhulungo, kamwala kosalala kamene anawasiyira mayi awo. Kamwalako sikankachoka pa nsonga ya chitenje chawo, ngakhale popita kutchalitchi.

Malamulo awo aakulu anali awiri, ndipo palibe amene ankawaphwanya kawiri. Loyamba linali lakuti mtsuko wosauma sugwiridwa. Ankauika m'nyumba pamthunzi, n'kuufunditsa, n'kuusiya wokha mpaka utalimba. Mayi busa wina, ali mlendo pa mpingo pathu, anabwera kudzacheza ndipo pogoma ndi ntchitoyo anagwira mtsuko waumbidwa dzulo lake. Chala chinatsala pamimba. A Nakwenda sanayang'ane kuti uyu ndi mkazi wa abusa. Anawafunsa ngati kwawo amapisa chala m'diso la khanda poona kuti ndi lokongola. Mtsukowo anauotcha ndi chala chake chomwecho, n'kukaupereka kunyumba ya abusa ngati mphatso, kuti mayiwo azichiona chala chawo tsiku lililonse akamatunga madzi. Mpingo wonse unaseka mobisa kwa mwezi wathunthu.

Lachiwiri linali la kugogoda. Mbiya zikazizira atazichotsa pamoto, ankatenga imodziimodzi, n'kuiika pafupi ndi khutu lawo labwinoko, n'kuigogoda ndi chala. Ikalira ngati belu, yapulumuka. Ikamveka mogontha, kapena ikakhala yopendekeka, ankaiponya pamwala pomwepo. Wogula wina amene ankapikula mitsuko kukagulitsa kumsasa wa othawa kwawo ku Dzaleka anawachonderera kuti yoipayo azimupatsa motchipa, popeza anthu a kumeneko sakuwadziwa. Iwo anaswa itatu iye akuona, namuuza kuti mtsuko wodontha umatukwanitsa mayi a wouumba, ndipo mayi awo anagona kale, safuna kuwadzutsa ndi matukwano a m'zinenero zachilendo. Pa moyo wawo wonse, kupatula wa chala uja, mtsuko woipa umene sanauswe ndi umodzi wokha, ndipo ndi umene wandilembetsa zonsezi.

Mkangano wawo wautali kuposa yonse unali ndi achimwene a Yotamu. Achimwenewo anaphunzira sukulu ndi mitsuko yomweyo, imene mayi awo ankasenza kupita nayo kumsika wa Kasakula. Koma atakhala hedimasitala ku Dowa, ndiponso mkulu wa mpingo, dothi linayamba kuwachititsa manyazi. Akabwera kumudzi ndi alendo ankatumiza uthenga kuti amayi asambe m'manja, avale bwino, akhale kumaso kwa nyumba. A Nakwenda akamva zimenezo ndiye ankakhaliratu kuseri, matope mpaka m'zigongono, n'kupereka moni ndi mkono. Achimwene ankadandaula kuti anthu aziti mwana ndi wapantchito koma mayi akuvutika ngati alibe wowasamala. Iwo ankayankha kuti wovutika ndi amene wadzuka m'mawa osadziwa chochita ndi manja ake. Zaka zambiri achimwene analephera kuwachotsa pamwala paja. Chimene chinawathandiza ndi ngozi.

Mvula itangotha chaka china, a Nakwenda anaterereka potuluka kumtapo ali ndi dengu la dothi pamutu. Anatsamira dzanja lamanja ndipo fupa linathyoka pamfundo penipeni. Kuchipatala cha kwathu anati likufunika opareshoni, natitumiza ku Lilongwe. Ine ndinapita nawo kukawadikirira. Anawang'amba, naikamo kachitsulo ndi timisomali, n'kumanga chikhakha. Ululu anali nawo, koma sanalire ndi kamodzi komwe. Chimene ankafunsa anamwino m'mawa uliwonse chinali chimodzi: kodi dzanjali lidzapindanso? M'wodimo ankawaseka poona mayi wokalamba akuumba mitsuko m'malere ndi dzanja lamanzere.

Tsiku lochotsa chikhakha tinalowa atatu, iwo, ine ndi achimwene, amene anatitenga pa galimoto yawo. Mkono unatuluka wowonda, khungu likusenda, ndipo a Nakwenda anangoti maso pamenepo osamva china chilichonse. Adokotala, mnyamata ndithu, anayamba kulankhula ndi achimwene m'Chingerezi poona tayi. Kenako anatembenukira kwa ine m'Chichewa. Anati fupa lagwira bwino, ndipo choopsa chimene chatsala ndi kulisiya dzanjalo osaligwiritsa ntchito. Aziliviika m'madzi ofunda, azifumbata ndi kutambasula, azipinda pang'onopang'ono ngakhale liwawe, ndiponso azibwera ku mafizo, kokalimbitsa dzanjalo kuchipatala. Anandifunsa kuti agogowa amagwira ntchito yanji. Nditawauza kuti amaumba, anaseka nati ndiye kuti mankhwala ali nawo kale kunyumba. Ayambe kukanda dothi lofewa, lochepa, koma madengu olemera asiyire ena kaye. Ndinamva zonsezi ndi makutu anga awiri, ndipo achimwene anamvanso.

Titalowa m'galimoto, a Nakwenda anafunsa mokuwa monga mwa masiku onse.

"Iwe Yotamu, wati chiyani mnyamata uja?"

"Akuti za dothi basi, amayi. Mukangoligwiritsa ntchito dzanjali, chitsulo chituluka, ndiye adzangolidula."

"Achimwene," ine ndinatero, "koma adokotala aja anati..."

Anandiyang'ana pagalasi. "Elube, Chingerezi chija unachimva? Nkhani yeniyeni anandiuza ine."

Ndinaluma mlomo. Ndinadziuza kuti mwina zinalipodi zina zimene sindinamve. Ndinadziuza kuti mwana ndi wawo, ine ndine ndani kuti nditsutse mkulu wa mpingo pamaso pa mayi ake. Zonsezi zinali zodzinamiza. Chilungamo n'chakuti ndinachita mantha ndi jekete.

Abale atakumana, palibe amene anawatsutsa achimwene. Kwathu kuno wodwala amadwazikidwa, sagwira kanthu, ndipo banja limene wodwala wake waoneka akusesa kapena kutunga madzi limasekedwa kuti mulibe anthu. Achimwene anawatenga kupita nawo kunyumba kwawo ku Dowa. Ndisaname, anawasamala. Alamu anga ankawasambitsa, kuwaveka, ngakhale kuwadulira nthongo. Dzanjalo analikoleka m'chitenje chomangira pakhosi, ndipo linakhala momwemo mwezi ndi mwezi. Amayi a kumpingo ankabwera kudzawazonda, kuimba, kupemphera, n'kumayamikira kuti ana otere ndi osowa masiku ano. Ku mafizo sanapiteko ngakhale kamodzi. Achimwene anati n'kutali, komanso kumeneko amangopotokola anthu okalamba mopanda chisoni. Nkhulungo ija, imene ankaiseweretsa m'dzanja lamanzere atakhala pasofa, alamu anaitenga n'kuibisa, ati alendo angaiyese chithumwa m'nyumba ya mkulu wa mpingo.

Anthu amandifunsa kuti zinatheka bwanji mayi amene sankagonjera munthu amvere chonchi. Yankho lake ndi limene limandiwawa koposa. Nditapita kukawaona mwezi wachitatu, ndinawapeza atakhala phee, dzanja lili m'chitenje pachifuwa. Anandinong'oneza, mwa kunong'ona kwawo komveka mpaka kukhitchini.

"Ndikulisunga pamthunzi, mwana wanga. Mnyamata uja ndi mmisiri mnzanga. Mmisiri akati usagwire, sugwira. Likalimba ndidzayambiranso."

Anali kutsata lamulo lawo lomwe lija. Dzanja ankaliyesa mtsuko wosauma, woti ukausiya wokha umachira. Kupirira konse kuja, kwa munthu amene sankatha kukhala pansi ola limodzi, kunali ulemu wopereka kwa dokotala amene sananene zimenezo. Ine ndinali pomwepo, zoona zake ndikuzidziwa. Alamu analowa ndi tiyi, ndipo ndinamwa tiyiyo n'kubwerera kwathu.

Mwezi wachisanu utatha anathawa. Anadikira achimwene apite kusukulu, alamu kumsika, n'kukwera matola, kenako njinga yamoto, mpaka kutulukira m'mudzi fumbi lili thoo. Anati ngakhale nkhali yaikulu motani siuma miyezi isanu, ndipo chitsulocho chikafuna kutuluka chituluke. M'mawa mwake anapita kumtapo. Anatapa ndi dzanja lamanzere, ine n'kuwasenzera. Anasinja masiku awiri, munsi ataupanira m'khwapa. Tsiku lachitatu anakhazika phale pa kadzenje kaja, namasula chitenje cha pakhosi.

Dzanjalo linali ngati mthiko. Zala zinkagwedezeka pang'ono, koma pamfundo panali gwa. Analilowetsa m'dothi nayamba kukoka ndi mkono wonse, phewa likugwira ntchito ya zala, thukuta lili kamukamu. Mimba inakwera. Sinali yosalala ngati kale, koma inakwera, ndipo ndinaona nkhope yawo ikumasuka. Atafika popinda, dzanja linakana. Anayesa kupendeka thupi lonse, anagwada, anazungulira mtsukowo ndi maondo, anayesa kulowetsa lamanzere. Dothi linkangong'ambika. Ankagumula n'kuyambiranso, kugumula n'kuyambiranso, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Masiku anayi anachita zimenezi. Tsiku lachisanu anangosalaza mlomo pomwe panathera mimbapo, n'kuusiya choncho, mtsuko wopanda phewa, wopanda khosi, kukamwa kuli yasaa.

Utauma anauotcha wokhawokha ndi makungwa. Utazizira anauika pakhutu n'kuugogoda ndi chala chamanzere. Unalira bwino, mokweza, ngati mitsuko yawo yakale. Anaukhazika pansi n'kuyamba kutukwana dokotala uja. Anati ndi kamwana kosamaliza maphunziro, kanawaikira chitsulo cha njinga m'thupi, kanawanamiza kuti akadikira achira. Anati iwo anamvera zonse, sanaphonye ndi tsiku limodzi lomwe. Pamenepo ndinalephera kupirira. Ndinagwada pafupi ndi khutu lawo ndi kuwauza zonse, za madzi ofunda, za mafizo, za dothi lofewa, ndiponso kuti adokotala anaseka nati mankhwala ali nawo kale kunyumba.

Sanakuwe. Aka kanali koyamba kuwamva akuyankhula motsitsa.

"Unamva wekha?"

"Ee, amayi."

"Anati ndizikanda dothi?"

"Anatero."

"Ndiye miyezi yonse ija ine ndili pasofa, iwe umadziwa?"

Ndinayamba kunena za achimwene, kuti anandiletsa, kuti ndinaopa. Anandidula.

"Yotamu dothi salidziwa. Iwe wakulira pamwala pano."

Ndinadikira kuti anyamule mtsukowo auponye pamwala monga mwa lamulo lawo. Anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anaukankhira patsinde pa mango. Anati ukhale pomwepo, munthu asauchotse, Yotamu akadzabwera adzauone yekha. Kwa milungu itatu sanandiyankhe moni.

Tinabwererako kuchipatala, awiriwiri, pa basi. Anatiuza mwaulemu kuti tachedwa, zala zikhoza kubwerera pang'ono koma pamfundo sipadzapindanso ngati kale. A Nakwenda anachita mafizowo mwaukali, m'mawa ndi madzulo, dzanja lili m'beseni la madzi ofunda, misozi ikutuluka yokha ndi ululu. Zala zinabwereradi moti ankatha kumanga chitenje ndi kutongola chimanga. Ndinawauza kuti akhoza kumaumba timiphika tandiwo, tosafuna khosi. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Kumtapo sanapitenso.

Achimwene atabwera pa Khirisimasi ndinati lero kugwa mtengo. Mayi amene anachititsa manyazi mkazi wa abusa chifukwa cha chala chimodzi, adzamutani mwana amene wawalanda dzanja lonse? Anawaphera nkhuku. Anakhala nawo kumaso kwa nyumba, atasamba m'manja, atavala bwino, monga achimwene ankafunira zaka zonse zija. Galimoto itapita ndinawafunsa mokwiya chifukwa chake sananene kanthu. Anangoti mwana wawo anawakonda ngati mbale ya alendo, imene amaitsekera m'kabati kuopa kuti ingasweke, ndipo mbale yotero sidyeramo munthu. Anati sadzamuitanira kuseri. Tsiku limene adzafune kudziwa kumene mayi ake ankakhala, adzapitako ndi miyendo yake.

Anakhala zaka ziwiri zina. Sindinena kuti dzanja ndilo linawapha, chinawatenga ndi chifuwa m'nyengo yozizira. Koma munthu amene tinamuika m'manda chaka chathachi anali atachepa kale. Mawu okuwa aja anatha. Ankakhala pakhonde kuyang'ana njira, osakangana ndi wina aliyense, ngakhale mbuzi zikalowa m'dimba. Ine ndikanakonda akanandikalipira tsiku lililonse kusiyana ndi bata limenelo.

Ndakwiya ndi achimwene, amene mpaka lero amakhulupirira kuti anachita bwino, ndipo nkhulungo ija anaiika m'kabati mwawo kuti aziionetsa alendo. Ndakwiya ndi ife tonse amene timayesa kuti kusamala munthu ndi kumumanga manja kuti anthu atiyamikire. Koma ndikagona, amene ndimamuimba mlandu ndi mayi uja anakhala kumbuyo m'galimoto, amene anamva Chichewa chomveka bwino n'kulola kuti amuuze kuti sanamve.

Mwambo wa chiliza utatha, anthu anadzaza kumaso kwa nyumba kudya ndi kucheza. Ndinapita kwa achimwene ndi kuwauza kuti kuseri kuli chinthu chimene amayi anawasiyira. Anayang'ana wotchi, nati alendo ochokera kutali akufuna kutsanzika, adzachiona ulendo wina. Ndinapitako ndekha.

Udzu wamera mpaka m'maondo. Mwala wosinjirapo ulipo, pakati pake pali polowa pamene munsi unadya zaka zonse zija, ndipo masamba a mango adzazapo. Munsiwo chiswe chaudya mbali imodzi. Kadzenje ka phale kakwiririka, ukhoza kupondapo osadziwa. Pamene ankaotchera mbiya pamera bonongwe wonenepa chifukwa cha phulusa, ndipo m'mbali mwake muli mulu wa mapale a mitsuko yonse imene anaikana. Patsinde pa mango pali mtsuko uja, pomwe anaukankhira, kukamwa kuli yasaa, muli madzi a mvula amene nkhuku zimamwa. Ndinataya madziwo, ndinauika pakhutu n'kuugogoda. Ukuliratu bwino mpaka lero. Kumaso ndinamva galimoto ya achimwene ikulira, ikutuluka, ndipo ndinaubwezera pamalo pake.